Bwato la Che Usumani Chaka Chimene Chilwa Inaphwa

Apongozi anga, Che Usumani, ndiwo ankaonetsa alendo dooko la kwa Mposa. Sinali ntchito yolembedwa ndi boma iyayi, ndipo panalibe amene anawasankha. Kungoti mlendo akatsika lole pamsika n'kufunsa kuti nyanja ya Chilwa ili mbali iti, anthu ankangoloza ndi mlomo kumlambe. Pamenepo pankakhala mkulu wamtali wa mzuli woyera, akusoka ukonde umene sindinauonepo utatha kusokedwa. Mlendo akafika, iwo ankapinda ukondewo, n'kusasa fumbi kumbuyo, n'kunena kuti, "Mwabwera kudzaona madzi, koma tiyambe ndi kumtunda. Madzi sathawa."

Ine ndine Nafisa. Kwathu ndi kwa Kalembo, ku Balaka, mbali yakumtunda kwenikweni, dziko la thonje ndi fumbi, kumene madzi timawadziwira m'chitsime ndi mumtsuko basi. Ndinakwatiwa ndi mwana wawo Hamadi mu 1966. Mwamwambo Hamadi ndiye akanabwera kwathu kudzakhala mkamwini, koma ankhoswe anati msodzi sangakokere matemba m'munda wa thonje, choncho ndine ndinanyamula kamtolo kanga. Apongozi aakazi ndinapeza atamwalira kale. Pakhomo tinali atatu, kenako anayi atabadwa Lukiya.

Mtengwa sayang'ana apongozi ake aamuna kumaso. Chakudya ndinkakaika pamkeka iwo asanafike, ndipo tikakumana panjira ndinkapatuka n'kugwada m'mbali. Iwonso sankandiyankhula molunjika. Lukiya atabadwa anapeza njira yawo: ankayankhula ndi khandalo lili kumsana kwanga, akulitchula kuti Abiti Hamadi, kutanthauza mwana wamkazi wa Hamadi.

"Abiti Hamadi, uwauze amayi ako kuti tiyi wa lero wakoma."

Ine ndinkayankha maso ali pansi kuti, "Akuti sikomo."

Alendo akabwera, ntchito yanga inali kutsatira chapatali ndi ketulo ya madzi akumwa ndi kambale ka chinangwa chophika. Ndimo mmene ndinaphunzirira dooko lathu, ndili kumbuyo kwa anthu, ndikungoona misana yawo. Ankabwera aphunzitsi, makalaliki a kuboma ku Kasupe, nthawi zina azungu a zipewa zazikulu ofuna mbalame. Onse ankayendetsedwa njira imodzi.

Choyamba unali mlambe womwewo. Pathunthu pake panali mabala a nkhwangwa, ena aakale oti khungwa linawatsekera n'kungotsala ngati zipsera za katemera. Apongozi ankati bambo awo ndiwo anayamba kutema, chaka chimene madzi anadzaza mpaka kunyambita mtengowo, ndipo kuyambira pamenepo madzi akafikanso, pankatemedwa bala lina. Ankagwira dzanja la mlendo n'kuliika pa bala lapamwamba. "Apa mukanaima chaka chimenecho, mlamba ukanakusisitani m'khwapa."

Kenako ankapita nawo pa makwerero atatu a simenti amene ali pathengo, osalowera m'nyumba iliyonse. Inali sitolo ya mmwenye wina amene ankagula nsomba zouma, koma nyumbayo inagwa kalekale. Apongozi ankakwera makwererowo mwaulemu, n'kuvula nsapato pamwamba pake, n'kuodira. "Odi kuno! Tikufuna nsalu ya biriwita mikono inayi." Ankadikira kaye, khutu atatchera kumphepo, kenako n'kutembenuka. "Akuti abwana apita ku Limbe, tibwere mawa." Alendo ankaseka. Ine ndinamva zimenezi mwina kakhumi, koma nthawi iliyonse ndinkangoona ngati chitseko chitseguka.

Kuseri kwa mzikiti kuli mtengo umodzi wa ngole, umene ena amati kokonati, wopendekera kum'mawa. Ankati mbewu yake inabwera m'thumba la agogo awo, amene ankayenda ndi amalonda akale mpaka ku Kelimane, kunyanja yamchere, atasenza minyanga ndi fodya, n'kubwerako ndi nsalu ndi mikanda. Kanjira kawo ankakaloza, kokwera kudutsa m'munsi mwa phiri la Chikala, kumene anthu ankathawira nthawi ya nkhondo. Mtengowo sunaberekepo. "Ukupukwa kwawo," ankatero. "Onani mmene wapendekera. Tsiku lina tidzadzuka utapita."

Pomalizira penipeni linali bwato. Linali la mbawa, lalitali moti anthu asanu ndi awiri ankakhalamo osagundana mawondo, lakuda ndi lonyezimira m'mbali mmene manja ankagwira. Analisema okha ali mnyamata, iwo ndi bambo awo, pamwamba pa Chikala, ndipo amuna makumi awiri analitsitsa phirilo ndi zingwe masiku atatu akuimba. Mitengo yotero kulibenso, ankatero, ndipo ngakhale utapezeka, mapewa osemera anatha. Bwatolo ndilo linkatidyetsa. M'mawa Hamadi ankapita nalo kokoka matemba, masana bambo ake ankatengeramo alendo kudutsa m'tinjira ta m'njedza, kukawaonetsa timisasa toyandama timene asodzi amati zimbowera, ndi chilumba cha Chisi chikuoneka ngati utsi patali.

Kumeneko ine sindinafikeko. Mtengwa sakhala m'bwato limodzi ndi apongozi, komanso ndinene zoona, madzi ndinkawaopa. Ndinkatsala padooko ndi ketulo yanga, n'kumaona mzuli woyera ukuchepa mpaka njedza zitaumeza.

Ndiye mu 1967 mvula inagwa yonyenga, ndipo madzi aja osathawa anayamba kuthawa. Poyamba ankangobwerera mapazi angapo pa sabata. Kenako amayi otunga ankapita m'mawa n'kubwera dzuwa lili paliwombo. Nsomba zinafa zambirimbiri, mbalame zinadya mpaka kulephera kuuluka, kenako nazonso zinapita. Pofika pakati pa 1968 nyanja yonse inali itaphwa. Panatsala chigwa choyera, chong'aluka ngati zidendene za mlimi, mpaka kumene maso alekezera. Asodzi anamwazika. Hamadi anapita ku Malombe kukagwira ntchito m'mabwato a eni ake. Akazi anzanga ambiri anabwerera kwawo, koma ine ndinatsala. Mkulu uja akanamuphikira ndani?

Mabwato anatsala ali ngundangunda padooko ngati ng'ombe zakufa, ndipo limodzilimodzi linkang'aluka. Ena anawaza awo nkhuni. Apongozi anakumba dzenje lalitali, nakankhiramo lawo mothandizidwa ndi a Wadson, a kantini ya tiyi pamsika, n'kulifotsera m'mbali. Zimene ankachita nalo pambuyo pake sindinkaziona bwino, chifukwa dooko lili kataliko ndi nyumba ndipo mtengwa salondola apongozi ake. Ndinkangowaona m'mawa uliwonse akatha kuswali kumzikiti, atanyamula ndowa ziwiri pamtengo, akuchokera kuchitsime cha mumtsinje, akulowera kumeneko. A Wadson ankawakuwa ali pakhomo pa kantini.

"Che Usumani! Akazi anu aang'ono agona bwanji kudooko?"

"Agona bwino, a Wadson. Sadandaula, sapempha sopo. Nanga anu aja anabwerako kwawo?"

"Aaa, inu, m'mawa uno!"

Chodabwitsa n'chakuti alendo sanasiye kubwera. Tsopano ankadzaona nyanja yopanda madzi. Apongozi sanasinthe kanthu: mlambe, makwerero, ngole. Akafika padooko ankawaimika alendowo pamzere, mmodzi kumbuyo kwa mnzake, monga mmene akanakhalira m'bwato. Iwo ankaima kumbuyo ndi nsungwi yawo yaitali yokankhira, n'kunena Bisimila, ulendo n'kuyamba, wapansi, pamatope ouma.

Apa ndiye nanenso ndinalowa m'nyanja koyamba, ndi ketulo yanga, Lukiya ali kumsana.

Tsiku limene ndikulikumbuka kwambiri kunabwera aphunzitsi a Blasius, a sukulu ya mishoni ku Utale, ndi akazi awo mayi Lilian. Unali mwezi wa Okutobala. Aphunzitsiwo anali munthu wamfupi wokonda mafunso, ndipo anayesa kuchoka pamzere kuti akatole chigoba cha nkhono.

"Aphunzitsi, bwererani msanga!" anakuwa apongozi. "Apo m'pakuya. Mumatha kusambira?"

"Pepani a kaputeni," anatero a Blasius, akubwerera chonyang'ama, atakweza buluku.

"Mwanyowetsa nsapato za boma. Khalani pakati, musapendeketse bwato."

Tinayenda choncho mwina ola lathunthu. Ankatiuza kuti pano tikudutsa m'njedza, bisani zigongono zingakuchekeni. Pano pali mvuu yaikazi yokhala ndi mwana, tonse chete. Ndipo tonse tinakhaladi chete, mpaka ndinamva Lukiya akupuma pakhosi panga. Pena anagwada, n'kuloza timitengo tinayi tozikika pansi. Chinali chimbowera cha mnzawo wina, ankati, ndipo pamenepa ankamwerapo tiyi nyumba ikuyendayenda ndi mphepo, moti munthu ukagona khomo likuyang'ana ku Chikala, umadzuka likuyang'ana kwa Apwitikizi.

Dzuwa litakwera, kutsogolo kwathu kunayamba kunyezimira. Ndinaona madzi, madzi enieni, oyera, akugwedezeka, ndipo chilumba cha Chisi chinali chitayandama pamwamba pake osakhudza pansi. Ndinaima. Mayi Lilian nawonso anaima, dzanja lili pakamwa.

"Ndi dzuwa limenelo, likusewera ndi maso," anatero aphunzitsi.

"Iyayi," anatero apongozi. "Ndi nyanjayo. Imabwera masana kudzaona ngati malo ake alipobe. Nthawi ya nkhondo ya Jeremani inachokanso chonchi, bambo anandiuza. Inabwera. Chofunika n'chakuti ikabwera ipeze bwato."

Pobwerera anawaonetsa bwatolo m'dzenje lake. Ndinali ndisanaliyandikire chiyambire chilala. Linali lokutidwa ndi njedza zonyowa, zowola, zakuda. Atazivundukula pang'ono, m'katimo munali madzi obiriwira, matope pansi, tizilombo tikuvinavina, ndipo udzudzu unatuluka ngati utsi. Fungo lake linali la dzira lovunda. Mayi Lilian anagwira mphuno ndi nsonga ya mpango. Sananene mokweza, ananong'oneza amuna awo, koma ine ndinali pafupi.

"Chinthu chabwinobwino kuchisiya chikuwola chonchi. Kodi pakhomo pamenepa palibe munthu wamkazi?"

Mawu amenewo anandilowa ngati minga ya mtete. Ndinayenda nawo mpaka kunyumba, ndinaphika nawo, ndinadzuka nawo. Kwathu kwa Kalembo chinthu chamtengo sitichisiya pamatope. Mpini, chitseko, goli la ng'ombe, matabwa a ngolo, zonse timazikweza pamiyala kuopa chiswe, timazisunga zouma kuopa kufumbwa. Ndinaganiza kuti mkuluyu wakalamba, chisoni chamulowa, akungothira madzi ngati munthu wothirira manda, ndipo palibe womuuza. Ine kuwafunsa sindikanatha. Ukafunsa bwanji kudzera mwa khanda kuti, agogo, bwanji mukuwoletsa bwato lanu?

Sabata yotsatira kunabwera uthenga wa sadaka ya mkulu wawo ku Ntaja. Tsiku loti mawa anyamuka anatunga madzi maulendo asanu ndi umodzi m'malo mwa umodzi. M'mawa anapinda khadi la chipani n'kuliika mumzuli, chifukwa popanda ilo pa lole sukwera.

"Abiti Hamadi, uwauze amayi ako kuti ndibwera Lachisanu. Asavutike ndi kanthu."

Lole itangonyamuka ndinatenga khasu, tsache ndi chikho, n'kupita kudooko. Kunalibe munthu. Ndinayala nsalu pamthunzi wa bwato lina lakufa, n'kumugoneka Lukiya. Ndinachotsa njedza zowola zija n'kuzitaya kutali. Ndinakapa madzi onse, anali odzaza mpaka m'milomo. Ndinakokolola matope, ndinakwecha ndi mchenga m'kati monse. Tsiku lachiwiri ndinakumba dothi lonse limene linafotsera m'mbali, n'kulowetsa miyala pansi pake, mbali ino kenako mbali inayo, ndi mtengo wotekenyera, kuti mphepo izidutsa. Manja anatuluka matuza. Koma bwato linaoneka! Mbawa ija inafiira ngati yosemedwa dzulo, mpaka mabala a kasemasema ankaoneka m'kati, timizeremizere ngati mafunde. Ndinakhala pansi n'kumaliyang'ana. M'mutu mwanga ndinkamva kale mawu akuti, uwauze amayi ako kuti agwira ntchito.

Tsiku lachitatu ndinaliona lili bwino. Tsiku lachinayi masana ndinapita ndi mtolo wa udzu watsopano kuti ndilifolere kamthunzi. Dzuwa la Okutobala linali loti nkhuku zayasama. Ndili chapatali ndinamva phokoso, thwaa, ngati chikwapu cha woyendetsa ngolo. Ndinayang'ana uku ndi uku, kunalibe ngolo. Kenako linamvekanso, laling'ono.

Mng'alu unayambira kumutu kwa bwato, kutsika mpaka pansi, wautali kuposa mkono wanga. Ndinalowetsamo chala, chinalowa.

A Wadson ndiwo anandipeza. Anaona udzu uli mbwee panjira, n'kulondola. Anazungulira bwatolo kawiri, manja ali m'chiuno.

"Mayi a Lukiya, mwachita izi ndinu?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Mayo ine. Mayi, bwato si mpando. Bwato limamwa. Likakhala m'madzi zaka makumi anayi, thupi lake ndi madzi okhaokha. Mukaliumitsa msangamsanga limaphulika. Simunaone anzakewa?" Analoza mabwato akufa aja. Ndinali nditawaona tsiku ndi tsiku, koma ndinkayesa kuti anang'aluka chifukwa chosowa wowasamala.

Anavula malaya, tinagwetsa miyala ija, tinabwezera dothi, ndipo mpaka dzuwa kupendeka tinkathamanga ndi ndowa. Koma madzi tikathira ankangotulukira pamng'alu paja n'kumwedwa ndi nthaka.

Lachisanu apongozi anatsika lole, ndipo asanafike kunyumba anapita kudooko, monga ndinkadziwira kuti adzatero. Ine ndinali komweko, nditagwada chapatali, kamtolo kanga ka zovala ndi mtsamiro nditamanga kale. Ndinkadziwa kuti ndikubwerera kwa Kalembo.

Anaima nthawi yaitali. Anavula mzuli, n'kuuvalanso. Anagwada n'kuyendetsa chala pamng'alu wonse kuyambira kumutu mpaka kumene unalekezera, pang'onopang'ono, ngati akuwerenga kalata. Kenako anasisita m'kati mmene ndinakwecha.

"Mabala awa ndi a bambo," anatero, osayang'ana aliyense. "Ankagwira kasemasema ndi dzanja lamanzere. Anga ndi awa, okhotakhotawa. Ndinali nditaiwala kuti amaoneka chonchi."

Ine misozi inali ikungogwera pamutu pa mwana.

"Abiti Hamadi," anatero, "uwafunse amayi ako, kamtoloko n'kachiyani?"

Anakaloza ndi mlomo, n'kupitiriza.

"Uwauze kuti wong'amba nsalu ndiye amagwira singano. Amasule. M'mtsamiromo muli chiyani?"

"Akuti thonje," ndinatero. "La kumunda kwa amayi."

"Eya. Dziko louma lija lilipire mlandu wake."

Tinagwira ntchito imeneyo masabata atatu. Iwo anaboola timabowo mbali zonse za mng'alu ndi msomali wowotcha pamoto, n'kusoka ndi waya monga amasokera chikho chosweka. Ine ndinang'amba mtsamiro umene amayi anandipatsa pa ukwati, n'kupota thonjelo pantchafu kukhala zingwe zonenepa. Zingwezo tinkaziviika mu phula la njuchi losungunula ndi utomoni, zimene a Wadson anakapempha kwa ofula uchi ku Chikala, ndipo apongozi ankazikhomerera mumng'alu ndi kamtengo kosongoka. Pamwamba anakhomapo malata a chitini cha palafini. Tinkagwira moyang'anana, bwato lili pakati, aliyense maso ali pa manja ake. Lukiya anaphunzira kukwawa m'bwato momwemo.

"Lidzayandama?" anafunsa a Wadson tsiku lomaliza.

"Funsani madzi," anatero apongozi. "Ine ndangosoka."

Kuyambira pamenepo ndowa za m'mawa zinali zanga. Madzi ankakhalamo, koma pofika madzulo ankatsika ndithu zala ziwiri. Palibe amene ankadziwa ngati akutuluka pamng'alu kapena bwato likumwa.

Mvula inayamba mu Disembala, ndipo inagwa ngati ikubweza ngongole ya zaka ziwiri. Ming'alu ya pansi inatsekeka. Mitsinje inatsika kuchokera ku Chikala ndi ku Zomba itafiira. Koma nyanja sinabwere tsiku limodzi. Kunayamba kubwera fungo, fungo la matope amoyo. Kenako achule. Kenako m'mawa wina ndinaona akakowa atatu ataima pachigwa paja, ndipo miyendo yawo sinkaoneka yonse. Masana kunyezimira kuja kunabweranso, koma dzuwa litapendeka sikunachoke. Tsiku lililonse kunkayandikira, mwakachetechete, kudzaza mapazi a ng'ombe kaye, kenako tinjira, mpaka mu Febuluwale madzi anafika padzenje la bwato n'kulizungulira.

Aphunzitsi a Blasius anamva ku Utale kuti Chilwa yabwerera, ndipo anabwera Loweruka lina, okha, pa njinga yamoto ya ku mishoni. Anati anayenda m'nyanja ndi mapazi, tsopano akufuna aione ndi bwato. Apongozi anawayendetsabe mlambe, makwerero, ngole, ngakhale anali atazionapo. Ndikuganiza kuti ankazengereza dala.

Padooko panasonkhana anthu amene anatsala pamudzi. Mabwato ena onse anali nkhuni kapena zigoba. Amuna anakumba m'mbali, anakankha, ndipo matope analilekerera ndi phokoso ngati ng'ombe ikuzula mwendo m'dambo. Linatsetsereka, linagwedezeka, n'kukhala pamadzi. Maso onse anali pa malata aja. Timadzi tinayamba kutuluka m'mphepete mwa chigamba, kamzere kowonda ngati ulusi, n'kumatsikira pakati.

"Likudontha," anatero a Wadson.

"Ndaona."

"Limira?"

"Likapanda wokapa." Apongozi anayang'ana anthu onse aja, amuna amphamvu ali pomwepo, kenako anayang'ana kumsana kwanga. "Abiti Hamadi, uwauze amayi ako atenge chikho. Akhale kutsogolo, atifulatire. Sitionana."

Amayi ena anaseka, wina anati, "Hii, mtengwa ndi apongozi bwato limodzi!" Koma mayi wina wachikulire anandimasula mwana kumsana n'kundikankha pang'ono. Ndinalowa. Pansi pa mapazi anga panali pamoyo, pakugwedezeka. Ndinagwira m'milomo mwa bwato ndi manja onse awiri.

"Mukagwira bwato, chikho agwira ndani, mayi?" anatero aphunzitsi, akukhala pakati.

Ndinayamba kukapa. Ndinamva Bisimila kumbuyo, nsungwi inalowa m'madzi, ndipo dooko linayamba kuchoka. Sindinayang'ane kumbali. Ndinkawerenga m'mtima: zikho zitatu, kupuma, zikho zitatu, kupuma. Madzi sankachuluka kuposa pamenepo. Patapita nthawi ndinazindikira kuti akulowa mofanana, osawonjezera, ndipo manja anga akuwakwanitsa. Apo m'pamene ndinadzutsa mutu.

Njedza zatsopano zinali zitangotuluka, zobiriwira, zazifupi, moti tinkaona pamwamba pake mpaka kutali. Kumwamba kunali pansi ndi pamwamba pomwe. Mitambo inali m'madzi, ndipo ife tinkadutsa pakati pake, mutu wa bwato ukuing'amba, iyo n'kulumikizananso kumbuyo. Phiri la Chikala linali litagona chadodolido pambali pathu, likunjenjemera pang'ono. Kumbuyo mawu a apongozi ankapitirira, otsika, akuuza aphunzitsi za mvuu, za mphepo ya mwera, za chaka chimene anthu anawoloka wapansi kupita ku Chisi atasenza mitondo. Mawuwo ankamveka ngati akuchokera m'madzi.

Nditaweramanso kuti ndikape, ndinaona kanthu kakuyenda pakati pa mapazi anga. Kanali kakang'ono ngati njere ya mpunga, koonekera m'kati, maso okha ndiwo akuda. Ndinakatunga m'chikho, n'kupereka chakumbuyo osatembenuka.

"Aphunzitsi, taonani."

"Kansomba!" anatero a Blasius. "A kaputeni, kamwana ka nsomba! Anthu amati zonse zinafa."

Nsungwi inaima. Bwato linayenda lokha pang'ono.

"Katemba," anatero apongozi. "Kalowera pamng'alu."

"Sizingatheke. Pamng'alu pali thonje ndi phula. Kalowa ndi madzi a nsungwi yanuyo."

"Aphunzitsi, inu mumadziwa za m'kalasi. Kameneka kabwera kudzayendera ntchito ya thonje la kwa Kalembo."

"Ndiye kapeza zotani?"

"Mukafunse nokha, muli nako m'manja."

Anatsutsana choncho, akuseka, chikho chikupita uku ndi uku. Madzi anafika m'zala za kumapazi kwanga, kenako m'kakolo.

"Chikho," ndinatero. Sanamve. Ndinakweza mawu, mwina koyamba chibwerere kwa Mposa. "Abambo, chikhocho! Timira!"

Chinabwera msangamsanga. Ndinachitsitsa m'nyanja mpaka kansomba kaja katatuluka kokha, n'kuyambanso kukapa. Zinanditengera zikho makumi awiri kuti ndibweze madzi pamene anali. Tinakafika pamene panali chimbowera cha mnzawo chija, n'kutembenuka, ndipo tinabwerera padooko aphunzitsi atanyowa buluku mpaka m'mawondo, bwato lili pamwamba pa madzi.